Kamba wa pa Njira ya ku Indianapolis

Chaka chimenecho ndinatenga holide ya masabata awiri, n'kuganiza zoyenda wapansi kuchoka ku South Bend mpaka ku Indianapolis. Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo moyo wanga wonse unali woitanidwa. Belu likalira m'chipinda cha wodwala, wothamanga ndine. Kumpingo kukagwa maliro, wophika ndine ndemwe. Ndinkafuna kachinthu kamodzi kokha koti ndiyambe ndekha n'kumalizanso ndekha. Ndinalumbira mumtima kuti sindikwera galimoto ya munthu mpaka nditalowa mumzindawo ndi miyendo yanga.

Anthu oyenda maulendo otere amatumiziratu chakudya chawo ku mapositi ofesi a m'matauni a m'njira, n'kumatenga akafika. Ine ndinaona ngati kumeneko n'kudzikuza. Ungasungitse katundu kwa anthu osawadziwa abale ako ali pomwepo? Ndinalongedza mabokosi awiri a zinthu zopepuka, phala louma, mtedza, supu wa ufa ndi masokosi, n'kukawasiya kwa mabanja awiri a kwathu okhala m'matauni amene ndinkayenera kudutsa. Walira mvula walira matope.

Masiku oyamba anali okoma moti mpaka lero ndimawasirira. Ndinkadzuka kusanatenthe, kupinda tenti ili yonyowa ndi mame, kuwiritsa madzi pa kambaula ka gasi, kumata matuza ndi pulasitala, chikwama kumsana, ulendo. Kumanja chimanga, kumanzere chimanga, chachitali kundiposa, ndipo chonsecho akuti n'cha ng'ombe. Madzi ndinkatunga pamalo omwetsera mafuta, pomwepo n'kuchapa masokosi m'sinki n'kuwayanika pachikwama. Oyendetsa galimoto ankaima kufunsa ngati yanga yafa. Ndinkangowabayibitsa. Tsiku lonse linkatha popanda wonditchula dzina, ndipo ndinkasangalala.

Bokosi loyamba linali kwa namwino wina, mayi wamkulu kwa ine, amene tinkapemphera limodzi asanasamuke. Atanditsegulira chitseko anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Asisi, mwachotsedwa ntchito kodi? Nenani zoona, tikuthandizeni."

Ndinawauza kuti ndikungoyenda mwa kufuna kwanga. Sanamve. Kwathu woyenda pansi ndi amene alibe ya basi, ndiye munthu wa galimoto yake kumayenda ndi katundu kumsana, ndiye kuti penapake pavuta. Bokosi langa anali atatsegula kale. "Ndinasuzumiramo, ndinapeza muli zakudya za mbalame," anatero. Phala ndi supu anali atapatsa ana. M'mawa mwake kunali Lamlungu, ndiye za ulendo panalibe. Lolemba ndinanyamuka ndi nkhuku yokazinga, mbatata yophika, chigumu chathunthu ndi chibotolo cha thobwa.

Kamba wa pa ulendo sakanidwa, ndipo ine dzanja langa silitha kutaya chakudya. Ndinasenza zonsezo. Malamba a chikwama anandicheka mapewa, thobwa likuchita thovu kumsana ndi kutentha. Ndinkadya ndisanamve njala kuti katundu apepuke, kenako n'kumayenda mimba ili ndi, thukuta lili kamukamu. Bondo lamanzere linayamba kutupa. Namwino uja anali atandijambula n'kuika chithunzi pagulu lathu la pa foni, choncho foni inayamba kulira pafupipafupi. Aliyense ankafuna kudziwa pamene ndafika, ndadya chiyani, ndigona pati. Chimanga chija tsopano chinkandipanikiza, mphepo osadutsa, kutsogolo osaona kanthu.

Bokosi lachiwiri linali kwa mkulu wa mpingo wina ndi akazi awo, anthu a msinkhu wa makolo anga. Ndinafika ndikutsimphina. Amayiwo sanandifunse mafunso. Anandikhazika pampando, kundivula nsapato ndi manja awo, n'kuviika mapazi anga m'beseni la madzi ofunda a mchere. Ine amene ndimasambitsa anthu tsiku ndi tsiku, sindinkakumbuka tsiku limene munthu anandigwirako phazi. Ndinalira, ndipo ndinawakonda kwambiri.

Kutacha ndinapeza nsapato zanga zili pakhonde, zochapidwa bwino ndi burashi, madzi akudontha. Nsapato zoyendera siziuma tsiku limodzi.

"Mlendo ndi mame, mwanangu," anatero amayiwo. "Tisiyeni tikusamaleni musanakamuke."

Ndinakhala m'chipinda cha alendo, phazi lili pa pilo, n'kumayang'ana njira yanga pawindo. Inkaoneka ndithu kuseri kwa mpanda, njanji yakale imene anaikonza kukhala ya oyenda pansi. Masiku a holide ankatha ndili chigonere, ndipo otsalawo anali ongokwanira kuti ndifike ngati nditanyamuka nsapato zikangouma. Ndikati ndinene zonyamuka, tiyi wafika. Ndikati ndidzuke, alendo abwera kudzaona munthu woyenda pansi uja. Sungakwiyire munthu amene akukuchitira zabwino, ndiye mkwiyowo ndinkangoumeza pamodzi ndi mandasi.

Tsiku lonyamuka bondo linali litaphwa, mtima uli m'malo. Ndisanamalize kumwa tiyi, ndinaona abambo aja akuika chikwama changa kubuti ya galimoto yawo.

"Bambo, ndiyambira pampandapa."

"Mlendo amaperekezedwa, mayi. Tingokudiropani kutsogoloko, pamene pathera agalu."

Kumudzi woperekeza amakusenzerako katundu, mukafika pamphambano n'kubwerera. Kukana kuperekezedwa n'kunyoza nyumba imene yakusunga. Ndinakwera kumbuyo, amayi anakhala kutsogolo ndi kachikwama kawo ka kutchalitchi pamiyendo. Ndikanazindikira pomwepo, chifukwa munthu savala chilundu chatsopano pokasiya mlendo kuseri kwa mpanda.

Tinadutsa pamene njira yanga imadula msewu.

"Ndi pano, bambo."

"Apa palibe poima. Patsogolo."

Patsogolopo tinalowa mumsewu waukulu, ndipo galimoto inayamba kuthamanga. Ndinanenanso kachiwiri, mawu ali pansi. Abambowo anandiyang'ana pagalasi n'kumwetulira mwachifundo, monga mmene ine ndimamwetulirira nkhalamba ikamandiuza kuti ikupita kwawo. Amayi anali pa foni: "Tamutenga, tili m'njira. Muyambe kutenthetsa relishi." Ndinagwira chotsegulira chitseko, osati kuti ndidumphe, kungogwira basi. Kuti ndikuwe? Kukuwira anthu amene anandisambitsa mapazi? Minda imene ndikanaidutsa masiku angapo, kuinunkhiza ndi kuitukwana, inkangodutsa mwaliwiro pawindo. Ola lisanathe tinalambalala mzinda wonse wa Indianapolis n'kukaima kuseri kwake, ku Beech Grove, panyumba ya mwana wawo.

Pakhomo panali amayi a kwathu ambiri ndithu, ena atavala mayunifomu a kuntchito. Anayamba nthungululu, kundikumbatira, kundiyamikira kuti ndine mkazi wolimba. Abambo aja anatsitsa chikwama changa, n'kuchipukuta fumbi ndi kampango kawo.

"Mwaona? Mukanangovutika chabe," anatero, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe.

Onse anandiyang'ana kudikira kuti ndiyankhe. Ndinapinda maondo, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo kwambiri, bambo. Mwandithandiza."