A Lazarus anakwirira mbewu ya mpunga

Alamu anga a Lazarus ndi munthu woti mukawauza kuti mutu ukukupwetekani, iwo ayamba kale kuganiza za matabwa a bokosi. Amalima mpunga kuno ku Bwanje, ndime imodzi mu sikimu ya ulimi wothirira, ndipo ndime imeneyo ndiyo imadyetsa mlongo wanga Janeti ndi ana awo. Mowa samwa, fodya sasuta. Chimene chinawagwira ndi kanema.

Loweruka lililonse ankapalasa njinga kupita ku Manjawira, ine pambuyo, kukaonera filimu ya magawo ambirimbiri yomasuliridwa m'Chichewa m'kashedi kena ka malata. Nkhani yake ndi ya kutsogolo. Mu 2050 mvula ikuleka, kenako mizinda ikupsa, ndipo pofika 2070 otsala ndi okhawo amene anakwirira mbewu pansi nthawi ikadalipo.

Filimu ikatha, mkangano unkayambira panja, pamalo pa a Goliati okonza njinga. Ena ankalimbana ndi zaka, ati mwana wobadwa m'gawo loyamba sangakhale ndi imvi m'gawo lachisanu. Koma a Goliati ankakana zonse.

"Bodza lenileni," ankatero akupopa tayala. "Mvula ingaleke dziko lonse? Ndi ku Mlangeni komwe, kumene munthu umanyowa ndi mame okha?"

"Simunaonere bwino, achimwene," a Lazarus ankayankha. "Sinaleke tsiku limodzi. Inayamba kuchedwa, kenako kudukiza. Nanga kuno chaka chatha inabwera liti?"

Ine ndinkawaseka alamu angawo, koma kunena zoona pobwerera nanenso ndinkangoyang'ana kumwamba, mantha ali tho.

Titakolola, Janeti anasankha ngala zabwino, kupuntha, n'kuika mbewuyo m'thumba pathandala, pamene mphepo imadutsa, monga timachitira tonse. A Lazarus anaona kuti n'zachibwana. Anaikhuthulira m'chigubu cha pulasitiki, kumanga kukamwa ndi mphira wa chubu, n'kukaikwirira kuseri kwa khola. Iwo anangomuuza mkazi wawo kuti aisunga pabwino.

Nthawi yofesa nazale itakwana, anzathu onse anafesa. Janeti anafunsa mbewu.

"Dikira kaye, mayi a Thandi. Tikafesa yonse mvula n'kudula, titsala ndi chiyani m'manja?"

Anadikira. Mvula inagwa yamphamvu, ngalande zinadzaza, mbande za anthu zinabiriwira, iwo akadali kunena kuti m'filimu namonso chaka chomaliza chinayamba bwino chonchi. Pamenepo n'kuti aliyense akudziwa lamulo la mu sikimu, lakuti ndime ikagona osabzalidwa a komiti amaipereka kwa wina. Ofuna ndime ndi ambiri.

Janeti anabwera kwathu m'mawa wina maso ali psuu. "Achimwene, kalankhuleni nawo alamu anu. Ine ndalephera."

Ndinapita nditakwiya, nditanyamula khasu pokumbukira za m'filimu zija, ndipo sindinawapatse n'komwe moni wabwino. Nditafunsa za mbewu, anandilozera malowo osatsutsa. Ndikhulupirira kuti nawonso nkhawa inali itawadya kale. Titafukula chigubucho n'kumasula mphira, fungo linatuluka ngati la masese. Mbewu inali itachita thukuta m'katimo, yonse yakuda, yogwirana ndi chuku.

A Lazarus anakhala pansi m'matope momwemo. Anatapa pang'ono, kufikisa m'manja, n'kuyang'ana mkazi wawo.

"Ndimafuna ana asadzavutike," anatero ndi mawu otsika.

Ukali wanga unathera pomwepo, ndinangowamvera chisoni. Janeti analowa m'nyumba, kutenga beseni, n'kuyamba ulendo wa ku sikimu kukapempha mbande zotsala, ndime ndi ndime, kwa anthu amene anali atamaliza kale kuwokera. Amuna ake anamutsatira pambuyo, mutu uli pansi. A Goliati omwe, atamva, anatumiza uthenga kwa abale awo kuti athandize.

Mbande zimene anapeza zakwana ngodya imodzi yokha. Kwinako kuli madzi okhaokha, ndipo a komiti akuyendera ndime Lachiwiri.