Mtengo Umene Tinkautcha Deya

Mawu a Chingerezi oti dare ndinawaphunzira chaka chimene boma linkatikakamiza kukumba migula m'minda. Aphunzitsi atawalemba pabolodi, tinawawerenga kuti dale, ena n'kumati dala. Anatikonza kuti amatchulidwa deya, ndipo amatanthauza kulimba mtima pochita chinthu chimene ena akuchiopa. Anyamata anawatola msanga. Poweruka ankalozerana chisa cha mavu n'kumaputana kuti, "Deya, kachigwire." Ine sindinali wolankhulalankhula, ndinangowasunga mumtima.

Ndinkakhala ndi agogo anga aakazi kuseri kwa Mpingu, awiriwiri. Bambo anafera ku Joni ndili khanda, mayi anamwalira ndisanayambe sukulu. Chimene mayi anasiya ndi mtengo wa mango umene anabzala pakati pa munda.

Dzuwa litafika poswa mtengo, alangizi a zaulimi anabwera ndi chingwe n'kukhoma zikhomo mopingasa munda, kusonyeza modzadutsa mgula wotchinga madzi. Chikhomo chimodzi chinagwera patsinde penipeni pa mango aja. Anati mtengowo udulidwe. Alangizi atachoka, agogo anazula zikhomo zonse za mzere umenewo n'kuziunjika pansi pa mtengo.

Zotsatira zake tonse tinkazidziwa. Bambo wina wa cha ku Njewa anali atamangidwa pa mlandu wonga womwewo, munda wake n'kusanduka thengo. Ine ndinkangoganiza chimodzi: agogo akatengedwa, nditsala ndi yani?

Galimoto inafika m'mawa wina tikusosa. Munatuluka mzungu wa zaulimi, alangizi aja, ndi mesenjala wa boma amene anali ndi unyolo m'lamba. Maso anga anakakamira pa unyolowo.

Mzungu anaima pa mulu wa zikhomo, anatola chimodzi n'kulozera nacho agogo.

"How dare you!" anatero, nkhope itafiira.

Alangizi, amene ankamasulira zonse, anayang'ana pansi.

"Ati chiyani?" agogo anafunsa. Alangizi anatembenukira kumbali. Agogo anatembenukira kwa ine. "Iwe wapasukulu, bwanawa ati chiyani?"

Mawu atatuwo ndinkawadziwa, lililonse palokha. Loyamba ndi bwanji, lomaliza ndi inu, pakati pali deya uja. Ndinangowalumikiza.

"Akufunsa kuti mwalimba mtima bwanji."

"Akufuna kudziwa, eti?" Agogo anaika khasu pansi, anamanga bwino nsalu, n'kugwada monga ankachitira poyankha akuluakulu. "Muwauze kuti funso lawo ndalimva. Kulimba mtima ndilibe ine, chizulireni zikhomozi chakudya sichikutsika. Koma amene anabzala mtengowu ali kumanda, mwana wake ndi uyu. Mgula ndikumba, ngakhale iwiri. Nkhwangwa yokha ndiye sindigwira."

Mesenjala anasuntha phazi, unyolo n'kulira.

"Mayi, mukuchulutsa zonena," alangizi ananong'ona.

"Andifunsa okha. Kodi kwawoko munthu akafunsidwa amangokhala duu?"

Alangizi anandiyang'anitsitsa. Pamenepo ndinazindikira kuti ndalakwitsa penapake, koma osadziwa kuti ndi pati. Mzungu anawakalipira kuti amasulire, iwo n'kuyamba pang'onopang'ono, ngati munthu woponda pamatope. Ndinangotolamo mawu awiri, lotanthauza mayi ndi lotanthauza mtengo. Zina zimene anaonjezera kapena kuchotsa sindikuzidziwa mpaka lero.

Mzungu anayang'ana mtengo, kenako ine. Ndinagwira nsalu ya agogo kumsana. Anafunsa kanthu kena, alangizi anayankha mwachidule. Kenako mzungu anayenda pang'ono chakumtunda kwa tsinde, anazika chikhomo chija n'kuchipondera ndi chidendene cha nsapato.

"Akuti mgula udutse apo," alangizi anatero, thukuta lili kamukamu. "Mvula isanagwe ukhale utatha. Akadzapeza usanathe, sadzafunsanso kanthu."

Galimoto inapita, fumbi linatsika, agogo adakali chigwadire. Poimirira anatsamira paphewa langa. Mgulawo tinaukumba awiriwiri, wokhota ngati uta. Mizu ya mbali imodzi tinaidula, ndipo chaka chimenecho mtengo sunabereke.

Nditabwerera kusukulu ndinadikira anzanga atuluke, n'kufunsa aphunzitsi za mawu atatu aja.

"Wawamva kuti amenewo?" anafunsa. Nditawafotokozera sanaseke. "Limenelo si funso, mwanawe. Ndi kukalipa. Zili ngati kunena kuti, ndiwe yani iwe? Wonena choncho sayembekezera yankho, amayembekezera kupepesa."

Agogo anagwada pamaso pa unyolo n'kuyankha funso limene kunalibe, ndipo wowapatsa funsolo ndinali ine.

Madzulo ndinawauza agogo akusenda mtedza pakhonde. Manja awo anaima pang'ono, kenako anapitiriza.

"Ndiye kuti ankakalipa? Akanangokalipa bwinobwino, ine ndikanapepesa."

Sindinafunse ngati akanagwiranso nkhwangwa. Kuyambira tsiku limenelo mtengowo anautcha Deya, ndipo utayambanso kubereka ankangondituma kuti, "Pita kwa Deya ukaone ngati mango agwa."