Kambale ka Makina ndi Mtanda wa Achimwene

Mboni zanga zilipo zitatu. Yoyamba ndi alamu anga, akazi a malemu achimwene. Yachiwiri ndi mkulu wa adzukulu kwathu ku Biriwiri, mlimi wa kachewere amene sananamepo, kupatula pamsika wa Lizulu. Yachitatu ndi achimwenewo, amene tsikulo anali chigonere m'bokosi m'chipinda china. Mpaka lero sanatsutsepo mawu anga ndi amodzi omwe.

Makina ogoba matabwa oyendera kompyuta anabwera nawo ndi achimwenewo kuchokera ku Joni. Tinkagobera anzathu zikwangwani Loweruka, mongosangalala. Atamwalira, alamu anati dzina lawo lisalembedwe ndi penti pamtanda, ligobedwe ndi makina awo pathabwa la mlombwa limene ankasunga kudenga. Thabwalo linali limodzi. Mabiti, timipeni tosongoka togobera, anatsala awiri. Namfedwa sagwira ntchito pamaliro, koma m'mudzi monse odziwa makinawo tinali ine ndi ogonawo.

Makinawo asanagobe amayamba afufuza pamwamba pa thabwa. Umaika kambale kachitsulo pathabwapo, n'kupana waya ku biti ndi chopanira. Biti imatsika pang'onopang'ono, ikangokhudza kambale magetsi amadutsa, bitiyo n'kuima. M'mawa umenewo inatsika, inakhudza, n'kupitirira. Ndikulumbira, ikanapanda kuthyoka ikanaboola tebulo, simenti, mpaka kupitirira pamene adzukulu analekezera ndi makasu awo.

Sindinamve kanthu. Ndinatola zidutswazo n'kuziika m'thumba la jekete, sindikudziwa chifukwa chake.

Mkulu wa adzukulu anaima pakhomo, matope mpaka m'maondo. Anati manda atha, abusa afika, ndipo mtambo wochokera ku Mozambiki ukuda. Ndinamuuza kuti ndamva.

Ndinatsata waya ndi zala kuyambira kuchopanira mpaka kubokosi la makina, kufuna pamene makoswe adya. Anali wathunthu. Ndinapala dzimbiri pamano a chopanira. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, monga achimwene ankachitira akasowa chochita. Kenako ndinagunditsa chopanira m'mphepete mwa kambale, kachizindikiro pakompyuta n'kusanduka kobiriwira. Kasanu konse kanavomera. Zonse zinali bwino, kupatula kuti biti inali m'thumba mwanga zidutswazidutswa.

Mkuluyo anati mwina makinawo adziwa kuti mwini wake wapita, ndiye akukana.

“Ankakana mwini wake ali moyo,” ndinamuyankha. “Akanakhala olira, ndikanawatulutsa akakhale ndi azimayi.”

Biti imatera pakati pa kambale, osati m'mphepete. Ndinagunditsa pakatipo, kachizindikiro osasintha. M'maso kambaleko kanali kowala kuposa masiku onse. Nditakanda ndi chikhadabo, munatsalira zoyera. Ndinanunkhiza. Kandulo.

Ndinatuma mkuluyo kukaitana alamu. Anabwera okha, maso otupa, mawu atasasa.

“Alamu, kambale aka kanayenda kuti dzulo?”

“Ndinaikapo kandulo kumutu kwa achimwene anu. M'nyumba muno mulibe china chowala ngati iko. Koma ndinakapukuta ndi chitenje kadakali kofunda, kuti musadziwe.”

Phula linali litayalika pakati ponse, lopyapyala, losaoneka, lokwanira kutsekera magetsi njira.

“Munapukuta bwino,” ndinatero.

Ndinapala ndi lezala, ndinakwecha ndi sandipepala, n'kumanga biti yotsiriza. Chala changa chinali pabatani loimitsira. Inatsika pang'onopang'ono moti kachewere wa mkuluyo anamera, anachita maluwa, anakumbidwa. Kamufunseni, anali pomwepo. Inakhudza. Inaima.

Panja ankaimba. Ine ndinkayang'ana zilembo zikutuluka chimodzichimodzi, n'kumaziwerenga ngati chikwangwani cha golosale, kuona ngati sindinaphonye. Dzinalo ndinkalidziwa chibadwire, theka lake ndi langanso, koma ndinaliwerenga kawiri. Ndinauzira utuchi. Ena amati mlombwa umanunkhira. Ine sindinamve.

Alamu analowetsa chala m'chilembo choyamba.

“Lakuya,” anatero. “Mvula silifufuta.”

Anatenga kambale kaja osapempha, n'kukamanga pamfundo ya chitenje. Mkulu wa adzukulu anakhomera thabwalo pamtanda ndi misomali iwiri, anausenza paphewa n'kutuluka. Ndinazimitsa makina, ndinatseka chitseko, n'kumutsatira kumanda, zidutswa zija zikundibaya m'nthiti.