Bedi la Mbande Kuseri kwa Nyumba ya Lendi

Mayi anga atamwalira, abale awo anadikira kuti mwambo wa kumeta uthe, kenako anawasudzula bambo. Sanawathamangitse. Anawathokoza pagulu chifukwa cha zaka zonse zimene anakhala pachikamwini m'mudzi mwathu, m'dera la Mlonyeni, nawauza kuti tsopano ndi omasuka. Mkamwini akauzidwa zimenezi amadziwa chochita. Munda wa fodya, dimba la kudambo, ngakhale mitengo ya mango imene anabzala ndi manja awo, zonse zinali za mbumba ya mayi. Kwawo kwenikweni kwa bambo kunali kutsidya kwa malire, kupitirira Mwami, kumene anachoka akadali mnyamata, ndipo kunatsala mlongo wawo mmodzi yekha.

Ine sindinafune kuti apite kumeneko. Zinali zaka zoyambirira za matipate, ndipo ndinkaphunzitsa pa sekondale ina pa Boma, ndikukhala m'nyumba ya lendi. Ndinawatengera kwanga. Ankadzuka m'mamawa monga mwa chizolowezi chawo, n'kusamba, n'kukhala pakhonde kuyang'ana maminibasi opita ku Lilongwe. Sankadandaula. Koma anayamba kutchula mlongo wawo kawirikawiri, ndipo ndinaona kuti ndikapanda kuwapezera dothi loti azigwira, adzanditsanzika mvula isanagwe.

Kuseri kwa nyumba kunali kabwalo kouma gwaa. Mayi amene anali eni nyumbayo anakana kuti ndilimepo.

"Khasu ayi, aphunzitsi. Wina anabzala nthochi pomwepa, pochoka amvekere ndimulipire. Inu ophunzira ndiye mudzandipititsa kukhoti."

Ndinafunsa ngati angalole kuti ndisakumbe, koma ndiike dothi langa m'bokosi pamwamba pa nthaka yawo. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Dothi likakhala lanu, palibe mlandu. Koma posamuka mudzalisenze."

Matabwa atsopano sindikanawakwanitsa, pakuti malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Loweruka lina ndinapita kuboda, kumene malole ankakhala pamzere kudikira mapepala. Dalaivala wina anali ndi matabwa othyokathyoka amene amayalapo katundu m'lole, ndipo ankawazira moto wophikira.

"Mukufuna nkhuni zanga, abwana? Ndiye ndidye zosapsa?"

Ndinamufotokozera za bedi la ndiwo zamasamba. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

"Dziko lonse lili ndi nthaka, inu mukukalima m'bokosi. Sukulu ndi yoopsa, eti?"

Tinagwirizana kuti ndimugulire thumba la makala, iye andipatse matabwawo. Misomali ndinazula momwemo n'kuiwongola pamwala. Bokosi linatuluka lofika m'mawondo, lotalika ngati mphasa, ndipo ngodya imodzi inapendekeka mpaka kalekale.

Kulidzaza kunali kovuta kuposa kulikhoma. Pansi ndinayala mapesi ndi zitsononkho, kuti zidye malo popanda kugula kanthu. Pamwamba pake ndinathira manyowa a ng'ombe amene ndinapempha kwa mlonda wa pasukulu. Dothi la pamwamba ndi limene ndinaliganizira kwambiri. Ndikanatha kukumba pachulu chilichonse, koma ndinapita kumudzi, kukapempha kwa atsibweni, mlongo wa mayi, amene tsopano ankayang'anira dimba.

"Ukupempha kwa yani?" anatero. "Dimba ndi la amako, ndiye ndi lako. Tenga ngakhale lonse."

Analankhula mwachifundo, ndipo mwa mwambo sanalakwe. Ine amene ndinakulira m'masukulu ogonera komweko ndinali ndi ufulu wokumba pamenepo. Munthu amene anasandutsa nthakayo kukhala yakuda ndi manyowa a zaka zambiri analibe ufulu wotapapo ngakhale dzanja limodzi. Matumba a dothilo ndinakweza pangolo ya munthu wina amene ankapita ku Boma kukagulitsa chimanga.

Bambo anamasula thumba loyamba, natapa dothi, nalifinya m'dzanja.

"Ili ndi la kumunsi, pafupi ndi chitsime," anatero. "Amako ankabzalapo anyezi."

Kuyambira tsiku limenelo pakhonde sanakhaleponso. Anasefa dothi ndi zala, nasalaza pamwamba. Ananyowetsa matabwa kuti asapse, naunjika mapesi pabedi n'kuwatentha, monga ankachitira pokonza nazale ya fodya. Mbewu ndinagula ya m'timapepala tija amapimira ndi supuni pamsika: repu, mpiru ndi matimati. Iwo anaisakaniza ndi phulusa, nafesa, naphimbira ndi udzu. M'mawa uliwonse ndikumanga tayi ndinkamva madzi akugwa pang'onopang'ono paudzupo, ndipo nthawi zina ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene mayi ankaikonda. Masabata amenewo ndi amene ndimawalakalaka kwambiri. Pobwera kuntchito ndinkawapeza atanjuta pambali pa bokosi, ndipo tinkacheza za nyongolotsi, za mbozi, za nkhuku za eni nyumba. Pa moyo wanga wonse sindinayankhulepo ndi bambo anga momasuka ngati nthawi imeneyo.

Mbewu zinamera zothithikana ngati tsitsi. Ine m'maganizo mwanga munali mizere yochepa ya ndiwo zoti tizithyola mpaka mvula. Tsiku lina ndinawauza kuti tipatulire, zozulazo tiphike.

"Mbande zabwino chonchi, tiphike?" anatero. "Izi n'zowokera, mwanawe."

"Tiwokera kuti, ababa? Bwalo lonse atiletsa."

Anapitiriza kuchotsa udzu osandiyang'ana.

"Azakhali ako ali ndi dimba lalikulu. Lagonera zaka zambiri, palibe wolima."

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chimene anali atachepetsera madzi masiku apitawo. Ankakhwimitsa mbande kuti zipirire ulendo. Ine ndinakhoma dimba laling'ono. Iwo, monga mlimi wa fodya, anaona nazale, ndipo nazale ndi malo amene mbewu imangoyambirapo. Sanandinamize. Aliyense wa ife anayang'ana bokosi lomwelo n'kuonamo chimene ankachifuna.

Ndinayesa njira ina. Ndinapeza munthu wobwereketsa kachigawo ka dimba kudambo la pafupi ndi Boma, ndipo ndinawauza kuti lendi yake ndidzalipira ine. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Wachita bwino, ndipo sindidzaiwala," anatero. "Koma pamalo a eni ndakhalapo mokwanira. Kuja ndikabzala mtengo, palibe adzandithokoze n'kundiuza kuti ndine womasuka."



Tinazula mbande m'mawa dzuwa lisanatenthe. Anaziika m'beseni ndi dothi lake kumizu, naziphimba ndi chiguduli chonyowa. Mzere umodzi wa repu anandisiyira, ataupatulira bwino. Ndinawaperekeza paminibasi mpaka kuboda. Wogwira ntchito pageti anatukula chigudulicho, nafunsa ngati ku Zambia kulibe mpiru. Bambo anayankha kuti ulipo, koma sunaleredwe bwino, ndipo onse awiri anaseka.

Kutsidya anapeza wanjinga. Anamangirira okha beseni pakaliyala, nakana kukwera, poopa kuti mbande zingagwedezeke. Ndinaima pampanda kuwayang'ana akuyenda pambali pa njingayo, dzanja limodzi litagwira beseni. Sanacheuke, chifukwa msewu unali ndi maenje ndipo maso awo anali pambande.

Anakhala kumeneko zaka zawo zotsala. Ndinkapita kukawaona patchuthi, ndipo nthawi zonse ndinkawapeza kudimba, ali otanganidwa ndiponso osangalala. Ankandilandira ngati mlendo wolemekezeka, n'kundiyalira mphasa pamthunzi kuti ndipume, iwo n'kubwerera kukathirira.