Wojambula wa ku Mpira Anandisandutsira Mwana Mzungu

Amayi anzanga a kuno ku Nkhotakota, ndi inu a ku Bua ndi ku Kanyenda amene mumabwera ku Boma Loweruka, tamverani. Bambo uja wojambula zithunzi pa bwalo la mpira, wa bokosi la miyendo itatu uja, anandisandutsira mwana mzungu. Ine ndinamupatsa mwana wakuda bwinobwino, wosamba, wodzola mafuta. Iye anandibwezera mzungu. Ndipo ndinalipira.

Ine si munthu wa milandu. Mukundidziwa, ndine mayi a Tomasi, amene ndimakhala kumbuyo m'tchalitchi pafupi ndi chitseko kuti mwana akathawa ndimugwire msanga. Ndapemphera kaye ndisanagwire pensuloyi, ndipo bamboyo ndamukhululukira. Koma palibe pamene anatiphunzitsa kuti ukamukhululukira munthu uzimubisanso. Dzina lake lenileni sindilemba. Tonse timamutcha Kamphindi, poti chilichonse kwa iye ndi "kamphindi chabe, mayi."

Atate ake a Tomasi anapita ku Halale ine ndili ndi pakati. Amaphikira mzungu kumeneko. Mwana wawo sanamuonepo ndi maso. Sadziwa kuti anatenga makutu awo aja, otambalala ngati masamba a koko. Ndiye a Mwale, anzawo a kuntchito, atabwera kutchuthi, anatipatsira bulangete, sopo ndi mawu: akuti pobwerera atenge chithunzi cha mnyamata wawo. A Mwale amanyamuka Lolemba m'mawa pa lole ya ku Salima.

Inu mukudziwa kuti Halale amameza amuna. Matchona m'mudzi mwanu alimo angati? Kwathu akazi atatu akudikirabe, wina mpaka imvi. Mwamuna akakumbuka kufunsa nkhope ya mwana wake, mkazi sagona tulo, amathamanga nayo nkhopeyo.

Vuto ndi lakuti Tomasi sakhazikika. Mlongo wanga Lukasi ndi goloboyi wa timu ya ku mishoni, ndiye Loweruka lililonse timapita kukamuonera. Chiyambireni zimenezo, chilichonse chozungulira kwa Tomasi ndi mpira. Dzungu, papaya, chikho chomwera madzi. Nkhuku yanga yofungatira anaiingitsa, mazira onse "goo, goo, goo." Tsiku lina a katekisiti anabwera kudzatipempherera, anagwada pansi n'kuweramitsa mutu wawo wa dazi uja. Ndinatsegula diso limodzi n'kuugwira mwendo wa Tomasi uli kale m'mwamba. Mulungu ndi wabwino. Mwana ameneyu amaima chilili pokhapokha atakumbatira mpira weniweni.

Loweruka ndinamuveka malaya oyera ndi kabudula woyera, zosoketsa kwa telala. Tinafika pabwalo thu koloko isanakwane, mpira usanayambe. Woyamba pamzere ndinali ine. Bambo Kamphindi anati sheleni ndi sikisi, kulipiriratu. Ndalama ya mpunga wanga imeneyo. Polandira ndalama sananene kuti kamphindi chabe. Dzanja linali lachangu.

Ndinamuuza mwaulemu kuti mwanayu sakhala pamodzi, ndi bwino tidikire nthawi yopuma, malume ake atibwereke mpira. Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kuzala zakumapazi. Anati ntchitoyi anaiphunzira ku Limbe, kwa Mmwenye, osati kwa amayi ogulitsa mpunga. Ndinati zikomo.

Akukonza mpando, kunabwera kalaliki wa ku Boma ndi njinga yake yatsopano. Kamphindi chabe, mayi. Anamujambula atakwera njinga. Anamujambula atatsika, atangoigwira. Anamujambula atavala chipewa. Kodi kalalikiyo ali ndi nkhope zingati? Atachoka iye kunabwera timu yonse ya mishoni, anyamata khumi ndi mmodzi, aliyense akufuna chake chokapachika kunyumba. Kamphindi chabe, mayi. Dzanja lake linangokhala m'bokosi muja ngati akufunafuna nsomba m'mono, mapepala akutuluka, akuviika m'ndowa, akupereka. Ine chiimire.

Kodi munayamba mwasungapo mwana wa zaka ziwiri atavala zoyera? Mayi wina wachifundo, Mulungu amudalitse, anamupatsa bango lakupsa. Malaya aja anasanduka achikasu. Ndinawatembenuza, kumbuyo kukhala kutsogolo. Ndikumanganso mpango wanga, mwana palibe. Ndinangomva anthu akuwomba m'manja. Tomasi ali pakati pa bwalo, akudutsa m'miyendo mwa amuna akuluakulu. Woyimbira mpira anaimitsa masewero.

"Musiyeni," anakuwa bambo wina. "Timu ya Boma yapeza munthu wodziwa kumene kuli goli."

"Mlembeni ntchito, amene muli nawowo ndi odya malipiro chabe," anawonjezera wina.

Ndinakamutola ndili ndi manyazi mpaka m'khosi. Iye akuseka.

Nthawi yathu inakwana mpira uli pafupi kutha. Bambo Kamphindi anati ine ndiime pambali, chifukwa anthu awiri mtengo wake ndi wina. Anamukhazika mwana pampando, n'kunena kuti asagwedezeke mpaka iye awerenge katatu. Anachotsa kachivundikiro pa diso la bokosi. Wani. Wezulo inalira kubwalo. Thu anawerengera mpando, Tomasi atathamangira kale kumpira. Anati pepala lawonongeka ndipo mlandu ndi wa mwana. Mwana wa zaka ziwiri ali ndi mlandu? Tikamuzengere kuti, kwa DC?

Mpira utatha Lukasi anabwera thukuta lili kamukamu, n'kumuikira mpira m'manja mphwake. Tomasi anaima nji, ngati mzati wa tchalitchi. Wani, thu, fili. Bambo Kamphindi anatembenukira kwa anthu n'kunena kuti, mwaona, nzeru za ku Limbe zimenezi.

Analowetsa dzanja m'bokosi, anafufuzafufuza, anaviika pepala m'ndowa atandifulatira, n'kulikulunga m'nyuzipepala. Anati ndisatsegule mpaka mawa Misa ikatha, chifukwa mphepo ikalowa nkhope ifufutika. Anyamata a timu aja zawo anaziona pompo, mphepo yomweyo ikuwomba, koma ine sindinaganize. Ndinapinda maondo n'kuthokoza. Ndinaika chithunzicho m'buku la nyimbo. Madzulo ndinamupempherera bamboyo, kumutchula dzina, kuti ntchito yake ipite patsogolo.

Lamulungu titaweruka ku Misa ndinapha nkhuku, ya mazira aja. Pakhonde panali apongozi anga, amayi awo a atate a Tomasi, panali a Mwale, ndi amayi awiri oyandikana nafe. Titadya ndinasamba m'manja n'kumasula nyuzipepala ija pamaso pa onse.



Pa pepala panali mwana woyera mbuu. Tsitsi loyera ngati la nkhalamba. Mano akuda bii. Malaya anga oyera aja, a kwa telala, akuda ngati a pamaliro. Kumwamba kuli mdima, chonsecho tinajambulitsa dzuwa likuswa mtengo.

"Mlamu," anatero a Mwale, "ameneyu ndani?"

"Ndi Tomasi."

Onse anayang'ana Tomasi, amene anali pabwalo akulimbana ndi chibade cha papaya. Anayang'ananso pepala. Apongozi analitenga, analitalikitsa, analiyandikitsa.

"Kodi mzungu wogula mpunga uja," anatero pang'onopang'ono, "anabwera chaka chanji kuno?"

Amayi aja anagwa nako kuseka. Apongozi anga ndi munthu wanthabwala, ndipo mdzukulu wawo anamulandira ndi manja awo tsiku lobadwa. Nanenso ndinaseka, koma ndi mano okha.

A Mwale sanaseke. Anati iwo atha kutenga, koma kukomboni ku Halale chithunzi chimayenda dzanja ndi dzanja, ndipo pakamwa pa amuna a kumeneko palibe chitseko. "Ndikanena kuti mwana ndi wakuda, ndamuona ndekha, adzati a Mwale anawatseka pakamwa ndi nkhuku. Ndikapita chimanjamanja, adzati mkaziyo akubisa chiyani?"

Mwamuna wanga ndi munthu wabwino, koma ali kutali, ndipo ambiri amene anatchona anayamba ndi kankhani kochepa kuposa aka.

Ambuye andikhululukire, ndinaswa Sabata. Ndinabereka mwana n'kuyenda mpaka kuseri kwa masitolo, kumene bamboyo amakhala. Ndinamupeza pansi pa mtengo akusewera bawo ndi Che Amini, amene amasoka maukonde. Sanadzutse n'komwe mutu. Anati Lamulungu ofesi ndi yotseka. Ofesi yake iti? Bokosi lija?

Ndinamuonetsa chithunzi. Anachiyang'ana ndi diso limodzi n'kunena kuti chatuluka bwino kwambiri. Anati ku Halale zotere ndiye zikuyenda, amayi ena amawonjezera ndalama kuti mwana atuluke chonchi. Nditakana, anati ndikachiyanike padzuwa masiku angapo, mwanayo ada. Ndiyanike mwana wanga pathandala ngati chinangwa cha kondowole? Nanga lole ya mawa idikira kuti ade?

Ndili mkati moyankhula ndinamutsitsa Tomasi kuti ndimange bwino nsalu. Kulakwa kwake kunali komweko, kapena ndinene kuti chisomo. Tinangomva ndowa ikugubuduzika m'nyumba. Kenaka mwana uja anatulukira pakhomo akukoka chingwe, pachingwepo pali mapepala opanidwa ngati zovala zoyanika.

"Malume," akutero. "Malume goo."

Bambo Kamphindi anadzuka mothamanga mpaka nkhomo za bawo zinamwazika. Koma ine ndinali pafupi. Ndinatola pepala limene mwana amaloza. Azungu khumi ndi mmodzi, amayi anzanga. Opanda nsapato. Mano akuda onse. Wapakati atagwira mpira, miyendo yake ya matewe ndi ya mlongo wanga Lukasi, yomwe ndaidziwa chibadwire. Pepala lina panali kalaliki uja pa njinga, woyera kuposa DC mwini wake. Ameneyo ndikhulupirira akanachiona akanachikonda.

Che Amini anaseka mpaka kofiya inagwa. "Bwana, auzeni zoona mayiwa. Mwana wakugwirani."

Ndiye zoona zinatuluka, movutikira ngati dzino. Akuti bokosilo limayamba latulutsa chithunzi chotembenuka, choyera chikhala chakuda, chakuda chikhala choyera. Kenaka amachijambulanso pa pepala lina kuti munthu abwerere mwakale. Mapepala anathera pa timu, pa kalaliki ndi pa mpando uja. Langa linali lomaliza. Ena abwera ndi sitima ya panyanja. Liti? Kamphindi chabe, mayi.

Ndiye kuti ankadziwa. Ankadziwa pamene amandifulatira. Ankadziwa pamene amati mphepo ifufuta nkhope. Anasankha dala kuti nditsegule Misa itatha, mtima uli wofewa. Ndipo ine ndinamupempherera kumutchula dzina.

Ndinati andibwezere ndalama. Anati ndalama inalowa kale m'mankhwala a m'bokosi. Ndinati chabwino. Ndinamasula azungu khumi ndi mmodzi aja pachingwe n'kuwalowetsa m'buku la nyimbo. Anati ameneyo ndi katundu wa ofesi. Ndinati, "Kamphindi chabe, bambo." Ndinabereka mwana wanga n'kumapita.

Lolemba a Mwale anakwera lole ndi zithunzi ziwiri. Mawu anga anali ochepa: kawauzeni kuti ngati mwana wawo ndi mzungu, alamu awo a Lukasi nawonso ndi mzungu, pamodzi ndi timu yonse ya mishoni.

Ndinadikira. Mawondo anga akudziwa mmene ndinadikirira. Yankho labwera sabata yatha ndi mnyamata wa ku Kanyenda wochokera komweko. Akuti atate a Tomasi anaseka mpaka anapsereza mbatata za mzungu wawo. Zithunzi zonse ziwiri anakhoma pakhoma. Akuti, "Makutuwo ndi anga, ngakhale awapake laimu." Ndipo akuti akubwera nthawi yokolola mpunga, adzaone okha mtundu wa mwana wawo. Ndikuthokoza Mulungu, amene amatha kugwiritsa ntchito ngakhale munthu wabodza.

Koma inu Bambo Kamphindi musati mwapulumuka. Ntchito ya Mulungu ndi ina, yanu ndi ina, ndipo yanu simunamalize. Sitima yabwera, yapita, yabweranso. Mapepala ali nanu, ndaona mukujambula apolisi. Nditakufunsani munati popeza choyamba chija ndinatumiza ku Halale, tiyenera kuyambiranso, ndilipirenso. Ndilipire kawiri mwana mmodzi? Kodi woyamba uja anali wanga? Ndikufuna mwana wanga wakuda, wa mano oyera, pa pepala, wopanda kuwonjezera ngakhale kobiri.

Inu amayi anzanga, makamaka amene amuna anu ali ku Halale kapena ku Joni, bamboyu akakupatsani chokulunga, masulani pomwepo iye akuona. Musadikire Misa. Mphepo sifufuta munthu.

Loweruka likubwerali tidzakhala pabwalo monga mwa nthawi zonse, ine ndi Tomasi. Ndikudziwitseni, bambo, kuti mwanayu wazindikira kuti diso la bokosi lanu ndi lozungulira. Sabata yatha analiloza n'kunena kuti "goo." Mpaka lero ndakhala ndikuugwira mwendo uja uli m'mwamba. Koma Loweruka limeneli ndili ndi zambiri zothokoza Mulungu, ndipo ine popemphera ndimatsinzina, manja onse awiri nditagwirizanitsa.