Anayamba Kupukuta Mpando, Mwana Akulira

Lolemba, 14 Julayi 1986

Lero ndadzuka ndi mkwiyo womwe ndinagona nawo. Ndinkayesa kuti tulo tiuziziritsa, koma uli pomwepo pachifuwa ngati chinangwa chosapsa. Kusukulu sindinapite. Inu owerenga, ine ndine mtsikana wa Fomu 3, ndipo zimene ndikulembazi zinandichitikira dzana, Loweruka. Wongani, mwana wa akulu anga, amene wangoyamba kumene kuyenda, anavulala m'galimoto ya bambo ake ine nditakhala pambali pake. Ndinkadziwa chimene chinali cholakwika, koma ndinatseka pakamwa chifukwa cha ulemu.

Ndimakhala kwa akulu angawo kuno ku Nkhata Bay popeza kumudzi kwathu n'kutali ndi sukulu. Amuna awo, alamu anga, kwawo ndi kumtunda cha ku Mzuzu, ndipo ali ndi golosale pafupi ndi msika. Ndinene zoona, si munthu wankhanza. Koma chigulireni galimoto chaka chino, nyumba yathu ili ndi mwana wachiwiri, ndipo wokondedwa ndi wamatayalayo.

Mipando yake inabwera itakutidwa ndi pulasitiki ya kufakitale, ndipo alamu anakana kuichotsa. Kukatentha imamata kumiyendo, potsika umachita kudzimatula. Usanakwere uyenera kuguguda nsapato. Wonyamula nsomba sakwera, kuno kumene ngakhale mphepo imanunkha usipa. Amayi athu atabwera kudzationa, alamu anawayalira thumba pamwamba pa pulasitikiyo, apongozi awo enieni. Anthu a kumsika anaitcha galimotoyo Mkwatibwi, akuti chifukwa mpaka lero sinavule velo.

Mwezi watha mphunzitsi wathu wa sayansi, mayi wachizungu, ankabwerera kwawo. Anali ndi kampando ka mwana koika m'galimoto, ndipo podziwa kuti kwathu kuli mwana, anandipatsa. Sanangondipatsa. Ananditengera kugalimoto yawo n'kundionetsa mmene lamba wa mpando wakumbuyo amalowera kuseri kwa kampandoko, ndi mmene umakokera mpaka kasiye kugwedezeka. Anandichititsa ndekha kangapo. Anati kampando kosamangirira sikasiyana ndi dengu loika pampando.

Ndinakasenza pamutu mpaka kunyumba, ndikusangalala. Alamu nawonso anakondwa, chifukwa m'tauni muno palibe wina amene anali nako. Vuto linabuka pofuna kukamangirira. Malamba akumbuyo anali kunsi kwa pulasitiki, akuonekera ngati nsomba m'madzi. Kuti atuluke panafunika kung'amba timabowo tiwiri, tosaposa chikhatho changa. Nditanena zimenezi, alamu anandiyang'ana ngati ndapempha kuti tiotche golosale. Anati fumbi limalowera pabowo laling'ono, ndipo bowo laling'ono limakula. Anawonjezanso kuti timiyendo ta kampandoko tisiya zipsera pampando, choncho anapinda nsalu ya nayiloni n'kuiyala pansi pake. Nayiloni pamwamba pa pulasitiki, inu owerenga, mukudziwa mmene zimatererera.

Ndinayang'ana akulu anga. Iwo anangoti galimoto ili ndi mwini wake. Ine ndinakumbukira kuti ndimadya m'nyumba ya munthuyu, ndipo mtsikana woleredwa bwino satsutsana ndi alamu ake. Kampandoko kanakhala chomwecho, kosamangirira.

Loweruka akulu anga anaitanidwa kubwalo kukakonzekera magule a amayi a chipani, ndipo nonse mukudziwa kuti kumeneko munthu sakana. Mwana anatsala ndi ine. Alamu ankapita kudoko kukalandira katundu wa m'golosale amene anabwera pa sitima ya Ilala, ndipo anati tipite nawo kuti anthu akamuone Wongani ali pakampando kake ngati bwana. Ndinamukhazika n'kumumanga ndi timalamba ta kampandoko. Apa ndi pamene panali chinyengo. Mwanayo anaoneka wotetezeka, womangidwa bwino paphewa ndi m'chiuno, pamene kampando kenikeniko kanangokhala pamwamba, kosagwira kanthu.

Sitinkathamanga. Tinkatsetsereka kulowera kudoko, anthu ali piringupiringu, alamu akuimba hutala ndi kukwezera dzanja aliyense wowadziwa. Mwadzidzidzi bambo wina wokankha wilibala yodzaza ndi madengu anadutsa kutsogolo. Alamu anaponda mabuleki. Ine ndinagunda chipumi kumpando wakutsogolo. Kampando kanachoka ngati mbale patebulo lonyowa, kanakagunda kutsogolo, kanatembenuka, n'kugwera pansi chafufumimba, mwana ali momwemo, mkono wake uli kunsi.

Poyamba sanalire. Kachetechete ameneyo sindidzamuiwala. Kenako analira kulira kumene sindinamvepo chibadwire chake. Ndinamumasula. Mlomo unali utang'ambika, magazi ali pamalaya, pa ine, ndi pampando. Mkono wamanzere unangolendewera, ndikaukhudza ankakuwa.

Anthu anatizungulira. Mayi wina wogulitsa nsomba anavula chitenje chake chapamwamba n'kumufunditsa mwanayo. Alamu anatsika, anatsegula chitseko chakumbuyo, ndipo ine ndinawatambasulira mwana wawo. Iwo anali atatenga kale kansalu kachikasu kamene amasunga pafupi ndi chiwongolero. Anawerama n'kuyamba kupukuta mpando.

"Mwaona? Pakanapanda pulasitiki, magaziwa akanalowerera mkati."

Mayi wansomba uja anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kuwatchula kuti ada, monga kuno timatchulira bambo.

"Ada, kodi mpandowo ndi umene umakuitanani kuti ada?"

Palibe anaseka. Alamu anasiya kansaluko, ndipo ndinaona kuti manja awo ankanjenjemera. Mwina analankhula mosokonezeka ndi mantha. Ndayesetsa kuwaganizira choncho. Koma mawu amene amatuluka munthu asanaganize ndi amene amakhala pafupi ndi mtima.

Kuchipatala anamusoka mlomo, mkono anaumanga ndi timatabwa, ndipo anatiuza kuti Lachiwiri tipite naye ku Mzuzu akaujambule. Akulu anga anafika akuthamanga, akadali m'nsalu ya gule, thukuta lili kamukamu. Sanandikalipire. Anangomutenga mwanayo m'manja mwanga osandiyang'ana. Akanandimenya, zikanandipepukira.

Ndinkayembekeza kuti tikafika kunyumba alamu aing'amba okha pulasitikiyo. Dzulo m'mawa, tisanapite kutchalitchi, ndinawapeza akuitsuka ndi sopo, akupukuta kona iliyonse. Kutchalitchi anaimirira n'kuthokoza Mulungu kuti ngozi inali yaing'ono. Inali yaing'ono kwa ndani? Wongani satha kuyamwa bwino chifukwa cha mlomo. Akafuna kunyamula kapu yake amaiwala, n'kutukula mkono womwewo, n'kuyambanso kulira.

Masana ano tikudya, alamu ananena za ulendo wa mawa. Anati kampandoko kapita monga mwa masiku onse, ine ndizingokagwira ndi dzanja. Inu amene munayendapo msewu wa ku Mzuzu mukuudziwa: zitunda, makona okhotakhota, malole otsika ndi katundu. Ngati wilibala inatichita zotere, nanga lole? Kwa nthawi yoyamba ndinawayankha. Ndinati Loweruka dzanja langa linali pomwepo, ndipo silinagwire kanthu, chifukwa inenso ndinaponyedwa. Anaseka, nati Fomu 3 yayamba kuphunzitsa madalaivala. Kenako anasiya kuseka.

"Mlamu, amene akhudze pulasitiki ija ayambe walongedza sutikesi yake."

Akulu anga anapitiriza kudyetsa mwana phala, maso ali pansi.

Tsono inu owerenga, makamaka abambo amene Mulungu wakudalitsani ndi galimoto, ndimvereni ngakhale ndili mwana wasukulu. Kusamala galimoto si tchimo. Inenso ndimakonda zinthu zaukhondo. Ngati mukuopa zipsera, yalani thaulo lakale kapena chiguduli cha bulangeti, zinthu zosaterera. Mwana akasanza, sopo ndi madzi zilipo, nyanja yonse ili apayi. Koma mukakhala ndi kampando ka mwana, kamangirireni kugalimoto, mukagwedeze ndi manja awiri muone ngati kagwira. Kampando kongoikapo n'koipa kuposa kukhala opanda, chifukwa kamagonetsa mtima wa aliyense tulo. Galimoto imeneyi tsiku lina mudzaigulitsa, ndipo wogulayo adzang'amba pulasitiki yanuyo asanatuluke n'komwe pageti. Mudzakhala mutasungira mlendo mpando woyera, mwana wanu ali ndi chipsera pamlomo.

Ndipo inu atsikana anzanga okhala m'nyumba za abale, ndikudziwa mmene pakamwa pamalemerera ukamadya za eni. Tinaphunzitsidwa kugwada, ndipo kugwada n'kwabwino. Koma ukhoza kugwada n'kunenabe zoona. Ine ndinagwada n'kukhala chete, ndipo amene analipira ulemu wangawo ndi mwana wosadziwa n'kulankhula komwe.

Madzulo ano nditalowa kuchipinda kuti ndiwerenge, ndinapeza sizasi ya akulu anga, imene amadulira nsalu, ili pamwamba pa buku langa la masamu. Sizasi imeneyi siichoka m'bokosi lawo losokera, ndipo sabwereka munthu. Nditatuluka nayo m'manja, anali pakhonde akugoneka Wongani. Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kupitiriza kumusisita mwana kumsana.

Sutikesi ndalongedza, monga ananenera alamu. Mayunifolomu ali pansi, mabuku pamwamba. Ndikaganiza za mayeso a chaka chamawa ndimada nkhawa, koma sukulu munthu amatha kubwererako, ndipo ndikukhulupirira kuti sizifika pamenepo. Munthu amene manja ake ananjenjemera kudoko kuja akadali bambo.

Mawa m'mawa sindidzachita mobisa. Ndidzadikira alamu akhale pakhonde ndi tiyi wawo, ndidzawapatsa moni mwaulemu, kenako ndidzatsegula chitseko chakumbuyo iwo akuona. Ndidzadula mabowo awiri, ndidzatulutsa lamba, ndidzamangirira kampando n'kukoka mpaka kasiye kugwedezeka. Ndikadzatha ndidzawaitana kuti adzakagwedeze okha. Akadzafuna kundithamangitsa, adzandithamangitse tikabwerako ku Mzuzu.