Mbatata Yolavulira

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anaphunzira kudya kwa alamu anga, osati pakhomo panga. Ndikakumbukira mmene anaphunzirira, mpaka lero ndimamva nseru.

Ndinali mtengwa m'mudzi wa amuna anga, pafupi ndi phiri la Chongoni. Iwo anali atapita ku Halale kukagwira ntchito, n'kundisiya ndi ana awiri: wamkaziyo, amene anali atangoleka kuyamwa, ndi khanda lakumsana. Munda wathu unali kutali, njira yake ya miyala yokhayokha. Kubereka wina, kugwira wina dzanja, khasu paphewa, sindikanatha. Choncho m'mawa ndinkasiya wamkuluyo kwa alamu anga, achemwali awo a amuna anga, amene anali ndi chilonda pamwendo ndipo anali ataleka kulima. Amayi ena a m'mudzimo ankasiyanso ana awo komweko, ndipo pobwera kumunda tinkawatengerako alamuwo nkhuni.

Poyamba ndinakondwa. Mwanayo anatengera ine manyazi, mlendo akafika ankabisala kuseri kwa nsalu yanga. Kwa alamuko anapeza mnzake, kamtsikana kamkulupo pang'ono, ka mamina osachoka pamphuno, koma kolongolola tsiku lonse. Posakhalitsa wanga uja anayamba kuimba, kutchula mawu amene sindinamuphunzitse, ngakhale kuyankha moni wa akuluakulu.

Lasabata lina kunabwera akazi awo a aphunzitsi, amene anandiphunzitsa kuwerenga ndili mtsikana. Ndinawaphikira mbatata n'kuziika m'nsengwa. Ndisanagwade n'komwe kuti ndiwapatse, mwanayo analumpha, natola yaikulu koposa, nailavulira, napakaza malovuwo ndi chikhatho, naibwezera m'nsengwamo. Kenaka anakhala pansi phee, maso ali pambatatayo. Alendowo anayang'ana kumbali ngati sanaone. Ine ndinangolakalaka nditalowa pansi. Atapita ndinamumenya mwanayo pamkono, koma sanalire. Anangondiyang'ana modabwa, nati, "Ndi yanga, amayi. Ndalavulira."

M'mawa mwake ndinaweruka kumunda dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ndinakaima kuseri kwa nkhokwe ya alamu anga. Iwo anali pakhonde, mwendo atautambasula, ntchentche zili ng'waa pansanza yomangira chilonda. Anatenga lichero la mbatata zophika, zochepa poyerekeza ndi ana amene analipo, nazimwaza pabwalo monga timamwazira nkhuku chimanga. Pabwalopo panali zitosi, panali ndowe za mbuzi. Ana aakulu anagwerapo, kukankhana, kupondana zala. Alamu anga ankaseka mpaka kupukuta misozi, akuitana mayi wa nyumba yoyandikana kuti adzaone.

Mwana wanga anangoima patali, chala chili m'kamwa. Kamnzake kaja kanakwawa kudutsa m'miyendo ya aakuluwo, kanalavulira mbatata ziwiri, ndipo onse anabweza manja. Imodzi kanadya, inayo kanakapatsa mwana wanga. Anaidya yonse, fumbi ndi malovu omwe. Apo ndipo ndinadziwa kuti masiku onsewo mwana wanga ankakhuta malovu a mnzake, ndipo pakanapanda malovuwo akanamagona ndi njala mpaka ine nditabwera.

Ine pakamwa mpolemera chibadwire, ndiponso nyumba ndi munda zinali za kwawo. Komabe ndinatuluka, ndinagwada, ndinapereka moni. Ndinanena motsitsa mawu kuti ana aang'ono sangalimbirane ndi aakulu, mwina akanamawagawira padera. Alamu anga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mlamu, mukufuna ndizimulowetsa m'kamwa ndi dzanja? Tonse pano tinakula choncho. Amuna anuwo analavulira zambiri kuposa apa, koma inu munawalola."

Mayi woyandikana uja anaseka. Ine ndinangonyamula mwana wanga n'kumapita.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kupita naye kumunda. Tinkafika mochedwa, chifukwa ankatopa m'njira. Ndinamumangira kamsasa ka udzu, ndipo ndinkamuikira chakudya chake yekha, popanda womulanda. Koma mwanayo anazima ngati moto wothiridwa madzi. Kuimba kunatha, kulankhula kunatha. Mbatata ankangoifumbata m'manja mpaka kuzizira, akuyang'ana njira ya kumudzi. Tsiku lina anaitambasulira kwa ine, ndipo ndinazindikira kuti akufuna ndiilavulire monga ankachitira mnzake. Ndinatembenuka n'kukasanza m'mizere.

Madzulo ake ndinapita kwa amake a kamtsikana kaja. Ndinazungulira nyumba yawo nthawi yaitali ndisanaodire. Nditalowa ndinawapempha kuti mwana wawo azipita nafe kumunda, chakudya ndizimupatsa ine. Sanavute, anangofunsa ngati ndikudziwa mmene amadyera.

Ana awiriwo ankayenda patsogolo panga atagwirana manja, ndipo njira inafupika. Masana aliyense ndinkamuikira zake patsamba lake, ine n'kukhala pakati pawo. Kamnzakeko kanapitiriza kulavulira. Sindinakakalipire, ndinkangonena kuti pano palibe wobwera kudzalanda. Zinatenga nthawi. Kanayamba ndi kumalavulira imodzi yokha, kenaka tsiku lina kanaiwala, ndipo wanga naye analeka.

Alamu anga anasiya kundiyankha moni nyengo yonseyo. Ankauza anthu kuti mtengwa wa mchimwene wawo akudzimva chifukwa anapondako kusukulu. Chaka chimenecho ndinalima pang'ono, poti maso anali pa ana atatu, ndipo nkhokwe sinadzaze. Ana a anthu ena anapitirizabe kutola chakudya pazitosi paja, amayi awo akudziwa.

Tsopano mwana wanga wakulako, amapita kuchitsime ndi kamtsuko kake, mnzake yemwe uja ali pambali. Amalankhula bwino kuposa ine, ndipo zimenezo anazitenga kwa mnzakeyo. Koma akamadya amatchinga mbale ndi mkono, n'kumameza msangamsanga, ngakhale m'nyumba muli ife tokha. Mkonowo ndimauchotsa, iye n'kuubwezera osadziwa.